Bondo la a Sajeni ndi Umboni wa Lipenga

Gulu: fayilo ya bambo
Mamembala: Sajeni, Mzime, Lipenga

Lachitatu, 5 Juni

06:04 Sajeni: Lipenga, dzulo Lachiwiri, cha m'ma 10 koloko m'mawa, unandilakwira pa benchi ya ku ofesi ya asilikali opuma, anthu makumi atatu akuona. Ndikulemba muno kuti mwana wanga akhale mboni, chifukwa ndikakuuza pakamwa udzati sunamve.

06:06 Sajeni: Zaka zinayi ndadikira tsiku loti dokotala wa bodi aone bondo langali kuti andipatse chipukuta misozi. Iwe wazitaya zonse ndi kukuwa kumodzi.

06:31 Mzime: mwadzuka bwanji bambo. chachitika nchani? dzulo munangoti tikamba mawa nkudula foni

06:33 Sajeni: Funsa amalume akowo. Pakamwa ali napo, tinapamva tonse.

07:10 Lipenga: (uthenga wa mawu, 0:52) Halo. Halo. Mayi a kunyumba, kodi zikujambula? Ndadina pofiirapa. Eya. A Sajeni, mwadzuka bwanji. Mwana wathu, wadzuka bwanji. Nkhani yake ili chonchi. Tinakhala pa benchi ngati masiku onse, ine nditakwera kale kukatenga manambala, a Sajeni akundimverera dzina poti makutu angawa anapita kalekale. Ndiye kunatulukira dokotala uja. Koma sanavale choyera chija ayi, anavala yunifolomu, paphewa pali nyota za Meja. Ine ndaimba lipenga pa perete zaka 22. Ndikaona Meja pakamwa pamatseguka pokha. Akuti ndinati atenshoni. Ineyo sindinadzimve, anamva ndi enawo.

07:14 Sajeni: Anakuwa ngati nyumba ikupsa. Ine ndinadzambatuka, ndodo m'khwapa, mwendo woipa womwewu ndinaumenyetsa pansi kuti phaa, n'kuchita sawasha. Meja anaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, nabweza sawasha.

07:15 Mzime: bambo. inuyo amene ndimakukwezani minibasi ngati thumba la simenti

07:16 Sajeni: Mwendo sunandifunse.

07:19 Sajeni: Atandiitana mkati bondo sanaligwire n'komwe. Anati Sajeni ndakuonani kale panja paja, mukuima bwino kuposa anyamata anga. Kenako anati tayendani kuchokera pakhomo kukafika pazenera.

07:19 Mzime: munayenda?

07:20 Sajeni: Meja akati yenda umayenda.

07:20 Mzime: motsimphina?

07:22 Sajeni: Pamaso pa ofesala?

07:22 Mzime: mayo ine

07:26 Sajeni: Analemba pa chikuto cha fayilo ndi cholembera chofiira, FIT. Ndinawerenga fayilo ili chozondoka. Sukulu ndinalekeza sitandade 5 koma zilembo zitatu sizindikanika.

07:27 Sajeni: Potsika masitepe anandinyamula anthu awiri, wina uku wina uku. Meja sanaone zimenezo. Anali atapita ku tiyi.

07:40 Lipenga: ena onse pa benchi sanaime a sajeni. munaima nokha

07:42 Sajeni: Enawo anali ophika ndi osunga mabulangete. Msilikali pa benchi ija ndinalipo ndekha.

07:45 Sajeni: Ndipo usandiyese mwana. Fayilo yako ya makutu ili kumbuyo kwa yanga pa shelefu. Yanga ikachoka, yako isendera. Kalaliki uja wa pawindo 3, Bwerani Mawa, ndinakuona ukuseka naye mwezi watha. Munagwirizana chiyani?

07:58 Lipenga: amandiuza zinthu ine osamva ndiye ndimangoseka

Sajeni watuluka m'gulu

Mzime wabwezeretsa Sajeni m'gulu

08:03 Mzime: musatulukenso plz. ndili ndi ma yunifolomu a sukulu 60 oti ndisoke pofika Lachisanu la sabata yamawa, sindingamalembe kawiri kawiri

Lachinayi, 6 Juni

13:48 Mzime: ndatseka shopu pa lanchi ndapita ku ofesi kuja. lifti sikuyendabe, ine wa miyendo iwiri ndafika pamwamba ndikupuma ngati galu. amene anaika ofesi ya olumala pa nsanjika yachitatu Mulungu amuone

13:50 Mzime: mverani bwino nonse awiri. apilo ndi yotheka. tsiku lomaliza Lachisanu pa 14, isanakwane 12 koloko masana. tikaphonya, fayilo aitseka, muyambiranso ndi nambala yatsopano ngati munthu wobwera lero

13:51 Mzime: fomu ndatenga, ndilemba ine. chotsala ndi kalata ya mboni, munthu amene analipo tsiku la ngozi ya lole ija komanso amakudziwani mpaka pano. alembe ndi dzanja lake, asaine

14:20 Sajeni: Wakuuza ndani?

14:21 Mzime: kalaliki wanu uja, bwerani mawa

14:22 Sajeni: Ndiye ndi bodza.

14:23 Mzime: zalembedwanso pa khoma bambo

14:24 Sajeni: Pa khomapo amamata ndani?

14:25 Mzime: bambo analipo ndani tsiku la ngozi

14:41 Sajeni: Dalaivala, anamwalira chaka chatha. Kopolo wa wayilesi, anamwalira akudikira fayilo yake. Lefitenanti wathu ndi m'busa tsopano, akuti za moyo wake wakale anaziiwala zonse tsiku limene anabatizidwa. Ena sindidziwa kumene anapita.

14:42 Mzime: basi?

15:30 Lipenga: ine ndinalipo

15:31 Mzime: zikomo amalume

16:05 Sajeni: (uthenga wa mawu, 1:08) Mwana wanga, ndikulankhula m'malo molemba kuti uja asamve. Munthu ameneyu usamukhulupirire. Ndamudziwa zaka makumi atatu. Pa perete ya Kenolo anaimba lipenga la chakudya m'malo mwa la mbendera, kampani yonse inatembenukira ku khitchini. Tsiku la ngozi, anthu tikutuluka magazi, iye amakwawa m'matope kufunafuna lipenga lake. Kalata yake ikalowa mu fayilo yanga ndiye ndatha. Bola tifune munthu wina aliyense wa imvi, timuphunzitse nkhaniyo, akasaine. Mlonda wa pa shopu pako uja ali ndi nkhope ya usilikali.

16:09 Mzime: amayang'ana nambala ya usilikali bambo. ndipo zimenezo nzomangitsa

16:44 Lipenga: a sajeni mayi a kunyumba amvera uthenga wanu. andifotokozera mokuwa kukhutu lamanzere. aneba amva onse. akufunsa za khitchini

16:45 Lipenga: lipengalo linali la boma ndikanalitaya mukanandilanga ndinu

16:46 Lipenga: kalata ndilemba

Loweruka, 8 Juni

09:12 Mzime: amalume kalata ija?

11:37 Lipenga: ndikulemba. ndang'amba mapepala anayi

11:50 Sajeni: Akudikira kuti Bwerani Mawa amuuze zolemba.

Lolemba, 10 Juni

08:15 Lipenga: (chithunzi cha kalata)
Kwa Akuluakulu a Bodi. Ine amene ndasaina m'munsimu ndinali woimba lipenga mu kampani imodzi ndi a Sajeni kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tsiku la ngozi ndinali kumbuyo kwa lole, nditakhalira matenti. Lole inaphonya mlatho n'kugwera m'khwawa. Bondo la a Sajeni linapanikizidwa ndi chitseko mpaka fupa kuonekera. Ndinaliona ndi maso anga, ndipo maso anga ndi abwino. Iwo sanalire. Anamanga bondolo ndi lamba wa mfuti, anatiimika pa mzere n'kutiwerenga, anakalipira awiri amene anataya zisoti, kenako anabereka dalaivala kumsana makilomita asanu ndi imodzi mpaka pa msewu waukulu. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero sindinawamvepo akudandaula. Ndi munthu wachitsulo. Mutawaitana ku perete mawa lomweli adzafika woyamba, nsapato zikuwala. Palibe chimene chimawakanika. Choncho ndikupempha bodi iwaganizire.

08:16 Lipenga: ndasaina kale

08:40 Mzime: amalume

08:40 Mzime: amalume mwalemba chani

08:41 Mzime: tikufuna bodi ikhulupirire kt bambo SANGATHE kuyenda. inu mwalemba kt awabwezere ku ntchito

08:43 Mzime: "sindinawamvepo akudandaula" amalume inuyo simumva. amadandaula kuyambira pa siteji mpaka ku ofesi, makondakitala onse amawadziwa

08:55 Lipenga: ndalemba zoona zokhazokha mwana wathu

08:56 Mzime: zoona za zaka 20 zapitazo. nanga za lero?

09:02 Lipenga: sajeni wako sumulemba kuti ndi wofooka. sizichitika

09:03 Mzime: bambo tanenani kanthu

09:30 Mzime: bambo?

10:48 Mzime: ndikuona kt mwawerenga

13:17 Sajeni: Anali makilomita asanu ndi atatu.

13:18 Mzime: chani?

13:21 Sajeni: Walemba asanu ndi imodzi. Anali asanu ndi atatu. Iwiri wandibera. Ndinanena ine kuti munthuyu ndi wosakhulupirika.

13:22 Sajeni: Ndipo dalaivala uja anali wonenepa. Alembepo.

13:40 Lipenga: ndikonza a sajeni

13:41 Mzime: musakonze kalikonse. kalata imeneyi sikupita kulikonse

13:52 Sajeni: Kupatula makilomitawo, kalatayo ilibe vuto.

Lachiwiri, 11 Juni

12:36 Mzime: ndalemba ina. amalume mungokopera ndi dzanja lanu nkusaina. musawonjezere, musachotse

12:38 Mzime: Ine ndinalipo tsiku la ngozi ndipo ndinaona bondo la a Sajeni litaphwanyika. Lero sangathe kuima mphindi zisanu osagwira kanthu. Ntchito ya ulonda anawachotsa chifukwa amalondera atakhala pansi. Sangathe kudzimanga zingwe za nsapato, amawamanga ndi mwana wawo. Posamba amakhala pa mpando. Nthawi ya mvula yapitayi anagwa m'bafa ndipo anakhala pansi maola awiri mpaka mwini nyumba anathyola chitseko n'kuwanyamula. Zimene dokotala anaona Lachiwiri lija ndi chizolowezi cha usilikali chabe, ndipo bondolo latupa kuyambira tsiku limenelo.

12:39 Mzime: basi. palibe bodza ngakhale limodzi

12:51 Sajeni: Fufuta.

12:51 Sajeni: Fufuta msanga asanawerenge.

12:53 Lipenga: ndawerenga

12:55 Sajeni: Za m'bafa tinagwirizana kuti zathera m'bafa momwemo.

12:56 Mzime: tinagwirizana ndisauze achimwene. bodi sitinaitchule

13:02 Sajeni: Ukudziwa amene amawerenga mapepala amenewa? Si Meja ayi. Ndi atsikana a makompyuta aja, amawerenga akudya lanchi, akuseka. Kenako Bwerani Mawa. Kenako wokolopa. Ndidzakafika pa benchi aliyense akudziwa kuti Sajeni anatulutsidwa m'bafa ndi mwini nyumba, wopanda ngakhale thawulo.

13:03 Mzime: za thawulo sindinalembe. mwalemba ndinu

13:04 Sajeni: Foni iyinso amawerenga. Onse amawerenga.

13:20 Lipenga: a sajeni maola awiri?

13:21 Lipenga: bwanji simunandiitane

13:25 Sajeni: Ukadamva?

13:26 Lipenga: mawa lake tinali limodzi pa benchi. munati mwagundidwa ndi njinga

13:31 Sajeni: Njinga kapena bafa, zikukukhudza pati? Ntchito yako ndi kukwera masitepe.

15:10 Mzime: amalume mwayamba kukopera?

15:48 Lipenga: (uthenga wa mawu, 0:39) Mwana wathu, ndayesa. Ndafika pamene pakuti sangathe, cholembera chikuima. Ndayesanso, ndalemba sanga, ndalekera pomwepo. Munthu uyu anandiphunzitsa kupinda bulangete. Anandiyendetsa ndi mawondo pa miyala chifukwa cha batani limodzi. Ndiye ine lero ndilembe kuti amamangidwa nsapato? Zili ngati ndikumuvula pa perete. Mayi a kunyumba akuti ndine chitsiru, akuti nonse awiri ndinu zitsiru. Akuti ndikuuze choncho.

15:50 Mzime: auzeni azakhali kt ndagwirizana nawo

Lachitatu, 12 Juni

07:05 Mzime: bambo ndadutsa kwanu mmawa uno, ndaona bondo. lili ngati dzungu. Lachisanu simukwera masitepe aja. inenso sindingachoke, a sukulu abwera ndi galimoto 11 koloko kudzatenga ma yunifolomu

07:06 Mzime: ndiye akapereka ndi amalume okha

07:30 Sajeni: Mwapangana.

07:31 Mzime: eya tapangana ndi bondo lanu

10:14 Lipenga: (chithunzi cha kalata)

10:15 Lipenga: ndakopera yonse. ndasaina. mayi a kunyumba anaima kumbuyo kwanga ndi chipande

10:16 Mzime: mwachita bwino amalume. Mulungu akudalitseni. yoyamba ija ng'ambani

10:31 Sajeni: Asang'ambe.

10:33 Sajeni: Lipenga, yoyamba ija wakonza makilomita?

10:40 Lipenga: ndakonza. ndalembanso za kunenepa

10:42 Sajeni: Ukapereke imeneyo. Ili ndi lamulo.

10:43 Mzime: bambo munapuma usilikali zaka 12 zapitazo, lamulo lanu likugwira ndani

10:44 Lipenga: ine

10:47 Mzime: ok tiyeni tilankhule bwinobwino. yoyamba ikalowa, meja awerenga kt ndinu wachitsulo, adinda FIT kachiwiri, nkhani yatha. zaka zinayi za pa benchi zapita. opaleshoni ya bondo ija dokotala wa ku chipatala ananena sichitika, coz popanda pepala la bodi sakulandirani. mukufuna zimenezo?

10:48 Mzime: mukufuna ndizikumangani nsapato mpaka liti

11:26 Sajeni: Ndigula zopanda zingwe.

11:27 Mzime: bambo

11:39 Sajeni: Iwe sukudziwa. Fayilo imakhala. Ine ndidzafa, Meja adzafa, Bwerani Mawa mwina sadzafa, koma fayilo idzakhala pa shelefu. Munthu adzaitsegula tsiku lina kufuna kudziwa kuti Sajeni uyu anali ndani. Apeze bafa?

11:41 Mzime: palibe adzaitsegule. inuyo muli moyo, mumapita sabata iliyonse, sakuitsegula

12:02 Sajeni: Zaka 26 ndinagwira ntchito. Mendulo anapatsa Lefitenanti, amene tsiku la ngozi anakomoka ataona magazi a munthu wina. Palibe analembapo pa pepala zimene ndinachita. Walemba ndi wogontha uyu, ndipo wayamba ndi kulakwitsa makilomita.

12:10 Lipenga: pepani za makilomita

12:11 Sajeni: Za makilomita wapepesa. Za Lachiwiri ayi.

Lachinayi, 13 Juni

14:05 Mzime: amalume fomu ndakusiyirani kwa azakhali. mawa mukafike 8 koloko. kalata YACHIWIRI. yoyamba isiyeni kunyumba kt musasokoneze

14:30 Sajeni: Yachiwiriyo ndi imene isale.

14:52 Lipenga: nditenga zonse ndikaganiza mu minibasi

17:41 Sajeni: Uthengawu wafufutidwa

17:42 Mzime: ndawerenga musanafufute bambo

17:43 Mzime: amalume, bambo analemba kt "mwina yachiwiriyo, ndalephera kufika pa mpopi". ndiye mwamva, avomera

17:45 Sajeni: Sindinalembe zimenezo. Foni inali m'thumba.

17:46 Mzime: thumba lanu limalemba mpaka kuika comma pamalo pake

17:58 Lipenga: a sajeni ine sindinaone. lamulo ndi liti tsopano

18:20 Lipenga: a sajeni

18:47 Mzime: ndikubwera ndi madzi bambo. tsegulani chitseko, musadzuke kawiri

Lachisanu, 14 Juni

07:52 Lipenga: ndafika. nambala 41

07:55 Mzime: yachiwiri amalume

08:01 Sajeni: Usakhale pafupi ndi chitseko cha Meja. Ukaona nyota, luma lilime.

09:34 Lipenga: ali pa 12. ndikuyang'ana milomo ya woitana poti palibe wondimverera

10:20 Lipenga: windo latsekedwa. tiyi

10:55 Mzime: atsegula?

11:08 Lipenga: atsegula. 29

11:09 Lipenga: a sajeni lamulo lija

11:21 Lipenga: 35. a sajeni

11:22 Mzime: bambo ayankheni. ine galimoto ya sukulu yafika, ndikuwerengetsa katundu

11:30 Lipenga: 38

11:36 Lipenga: a sajeni ndili ndi makalata awiri m'manja

11:37 Sajeni: Ndiwe msilikali. Ona mmene zinthu zilili, uchite choyenera.

11:38 Lipenga: zimenezo simunatiphunzitse

11:53 Lipenga: ndapereka. adinda

12:09 Mzime: zikomo Ambuye. mwapereka iti?

12:15 Mzime: amalume?

12:24 Mzime: amalume iti

12:25 Sajeni: Akutsika masitepe. Amatsika pang'onopang'ono akalakwa.

12:41 Lipenga: (uthenga wa mawu, 1:21) Halo. Ndili pansi tsopano, ndakhala pa mpanda wa maluwa. Mwana wathu, usakwiye. A Sajeni, inunso. Nditafika pawindo ndinatulutsa yachiwiri. Ndiye ndinaona chikuto cha fayilo yanu, a Sajeni, dzina lanu ndi nambala, mtima unandiuza kuti ayi. Ndinabweza, ndinatulutsa yoyamba. Ndiye ndinakumbukira za mpopi, poti ngakhale munafufuta ndikudziwa mwanayu sanama. Ndinabwezanso. Bwerani Mawa akundiloza wotchi, kumbuyo anthu akundikankha. Ndiye ndinaganiza kuti zonse ziwiri ndi zoona, zonse ndasaina ndine, akuluakulu ndi ophunzira, asankha okha. Pawindo panali kamakina komanira mapepala kaja. Ndinamana zonse pamodzi, yoyamba pamwamba poti ndi ya ulemu. Anadinda asanawerenge. Atawerenga anavula magalasi. Analankhula nthawi yaitali, ine ndimangoseka. Kenako anandilembera pa kapepala, ndikutumizirani.

12:43 Lipenga: (chithunzi cha kapepala)
Mboni imodzi, maumboni awiri otsutsana, onse osainidwa. Fayilo yapita ku komiti yofufuza. Mboni nayonso ifufuzidwa. Mudzaitanidwa.

12:44 Mzime: amalume ndinati musiye kunyumba

12:45 Mzime: komiti imeneyi imakhala liti

12:52 Lipenga: ndinafunsa wokolopa. anandionetsa chipinda chake. muli mipando yothyoka ndi makatoni. wandilembera kuti wapampando anapuma ntchito chaka chatha sanasankhe wina

12:54 Lipenga: koma fayilo sanaitseke. apilo yalowa nthawi yake isanakwane

12:55 Mzime: ndiye tiziti zikomo?

12:58 Lipenga: yanganso ya makutu aitsitsa pa shelefu. aimanga pamodzi ndi ya a sajeni chingwe chimodzi. zapita zonse

12:59 Lipenga: chaka chino chikanakhala chachinayi yanga ili pa shelefu

13:14 Sajeni: Bwerani Mawa anawerenga zonse ziwiri?

13:16 Lipenga: zonse

13:17 Sajeni: Mokweza?

13:19 Lipenga: milomo imayenda

13:20 Sajeni: Pa makilomita anaonetsa nkhope yotani?

13:21 Mzime: bambo zoona ndi zimene mukufunsa?

13:23 Lipenga: anakweza nsidze a sajeni

13:24 Sajeni: Nanga pa bafa?

13:31 Lipenga: anatembenuka kuitana atsikana a makompyuta

Sajeni watuluka m'gulu

Mzime wabwezeretsa Sajeni m'gulu

13:40 Mzime: sindikambanso lero. madzulo ndibwera ndi mankhwala opaka

Lolemba, 22 Julayi

06:15 Sajeni: Lipenga, 7 koloko pa siteji. Usachedwe. Sindinakukhululukire, koma masitepe alipobe.

06:32 Lipenga: ndanyamuka kale

11:47 Mzime: zikuyenda bwanji kumeneko?

12:30 Sajeni: Anandikweza anthu awiri. Pa benchi wina wa ophika aja anandifunsa ngati ndagula mpando wa pulasitiki kapena wa matabwa.

12:33 Sajeni: Meja anadutsa. Lipenga analuma mpango. Ine ndinagwira benchi ndi manja onse awiri, thukuta kamukamu, sindinadzuke. Meja sanayang'ane n'komwe. Amalankhula pa foni.

12:35 Mzime: nanga komiti?

12:41 Sajeni: Sinakhale.

12:42 Mzime: tsiku apereka?

12:50 Sajeni: Sanapereke. Mafayilo athu tinawaona pazenera la chipinda chija, ali pamwamba pa katoni. Pa chikuto cha yanga palembedwabe FIT.

12:51 Mzime: ndiye atani?

13:25 Mzime: bambo?